Webusayiti yathu yazimiririka, maimelo akubwerera, amene anatipangira ali ku Joni

@MayiWaKuSenga
Abale ndi alongo a pagulu pano, ndagwira njakata, ndithandizeni nzeru. Ine ndi bambo a kunyumba tili ndi malo ogona alendo kuno ku Senga Bay, zipinda 8 ndi kaholo kochitiramo misonkhano. Zaka zitatu zapitazo mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu anatipangira webusayiti, natipangiranso imelo ya dzina la malowa. Chaka chilichonse tinkangomupatsa ndalama, iye n'kukalipira kumene ankalipirako. Mu Januwale ananyamuka wa ku Joni, ndipo nambala yake ya kuno siikugwiranso. Lolemba lapitali ndatsegula webusayiti ija, zithunzi zathu zonse palibe. Pali tsamba loyera la m'Chingerezi lonena kuti dzinalo latha nthawi, m'munsi mwake malonda a mahotela a kunja. Dzulo mayi wina wa bungwe la ku Lilongwe wandiimbira, akuti anatitumizira imelo kawiri kufunsa mtengo wa holo ndi chakudya cha anthu 25, kawiri konseko inabwerera. Mwayi wake anali ndi nambala yanga. Nanga amene alibe nambalayo? Dzinali lili pachikwangwani kumsewu, pamakhadi, pamalisiti. Holide ya pa 6 Julayi yayandikira. Chatha n'chiyani kwenikweni, ndipo ndikalipire kwa ndani?

@Kampango77
Pepani mayi. Tsegulani Gmail lero lomwe, n'yaulere, muilengeze pa Facebook. Zamawebusayitizi zimangodya ndalama.

@WaKuLinga
Mayi, musataye mtima, koma musagonenso. Tiyambe tasiyanitsa zinthu, chifukwa mnyamatayo ankalipira zinthu ziwiri ngakhale inu munkapereka ndalama imodzi.

Choyamba ndi domain, ndiye dzina lija anthu amalemba, lothera ndi .com kapena .mw. Chachiwiri ndi hosting, malo amene mumachita lendi pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yomwe imayaka usana ndi usiku. Zithunzi zanu, mitengo ya zipinda ndi makalata anu zimakhala m'menemo. Hosting ndiye nyumba, domain ndiye chikwangwani cholozera kunyumbako. Pakati pa ziwirizi pali DNS. Makompyuta sadziwana ndi mayina, amadziwana ndi manambala otchedwa IP, monga 8.8.8.8 ija ya Google. DNS imagwira ntchito ngati mayina amene munasunga mufoni: mukadina "Achimwene a ku Dedza", foni imadziwa yokha nambala yoti iimbe. Mu DNS momwemo muli mzere wotchedwa A wolozera kumene kuli webusayiti, ndi wina wotchedwa MX wolozera kumene makalata akatsikire. Domain ikatha nthawi, mizere iwiri yonseyi imaleka kugwira ntchito. N'chifukwa chake webusayiti ndi imelo zafera limodzi. Zithunzi zanu zikhoza kukhala zilipo bwinobwino pa seva, changozulidwa ndi chikwangwani.

Dziwaninso kuti domain sagula kwamuyaya. Ndi lendi ya pachaka, ndipo ya .com mutha kulipiriratu mpaka zaka 10 basi. Ngati yanu ndi .com, tsegulani lookup.icann.org, lembani dzinalo, mutiuze zitatu: kampani imene inalembetsa, yomwe amaitcha registrar, tsiku lothera, ndi mawu amene ali pa status. Dzina lenilenilo musalilembe pano.

@MayiWaKuSenga
Ndi ya .com bambo. Ndachita monga mwanenera, koma mutu waima. Tsiku lothera akulemba 11 Juni chaka cha mawa. Ndiye kuti mnyamatayu analipira? Pa status pali mawu akuti autoRenewPeriod. Pamene payenera kukhala dzina la mwini palibe dzina, akuti n'zobisika.

@WaKuLinga
Sanalipire ayi, ndipo pamenepa ambiri amapusitsika. Domain ya .com ikafika tsiku lake, a Verisign, omwe amasunga kaundula wa .com yense, amangowonjezera chaka chimodzi okha, podikira kuti registrar anene ngati mwini wake walipira. Ndiye tanthauzo la mawu mwawaonawo. Yanu inatha pa 11 Juni chaka chino. Nyengo imeneyi siipitirira masiku 45, ndipo makampani ena amaidula isanafike pamenepo. Mukalipira panopa, mtengo ndi wamasiku onse, madola apakati pa 10 ndi 20. Ikadutsa, dzina limalowa mu redemptionPeriod kwa masiku 30, pomwe kuliwombola kumadula kangapo. Kenako pendingDelete masiku 5, pomwe palibenso chimene mungachite, ndipo likatero limagwera pamsika, aliyense padziko atha kulitenga. Alipo anthu amene ntchito yawo ndi yodikirira mayina otere, kuti akugulitseni pamtengo woboola m'thumba.

Vuto lanu lalikulu si ndalama. Amene angalipire ndi amene ali ndi akaunti ku registrar, ndipo akauntiyo n'zosakayikitsa kuti ili mu imelo ya mnyamatayo. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, amati registrar atumize chikumbutso kukatsala mwezi, chinanso kukatsala sabata. Zikumbutsozo zinapita kwa iye. Musakeni munthuyu, kudzera kwa makolo ake, abusa, anzake, aliyense.

@Nachisale_Lifuwu
Anyamata a makompyutawa ndi choncho. Amatidyera masuku pamutu poti sitidziwa. Kulembetsa katundu wa mwini m'dzina lako si kuba kumeneko?

@ZaMawebu265
Asisi a ku Lifuwu, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndiloleni ndiyankhe. Sikuti aliyense amachita dala. Kasitomala amabwera alibe imelo, kapena ali nayo koma mawu achinsinsi anaiwala. Khadi yolipirira kunja alibe. Ukamuuza kuti tiyeni titsegule akaunti m'dzina lanu, amati "iwe ingopanga, ine ndikufuna ndione zithunzi basi". Ndiye umalembetsa mu akaunti yako kuti ntchito iyende. Chaka chikatha umamuimbira kasanu, akuti bizinesi sikuyenda, ulipire kaye. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinalipirira anthu anayi za m'thumba mwanga, awiri mpaka lero sanandibwezere. Mnyamata wa mayiwa analakwa kuchoka osasiya makiyi, izo sindikana. Koma musatitche akuba tonse.

@Nachisale_Lifuwu
Ndamva achimwene, mawu ndinaonjeza. Komabe mmisiri akakumangira nyumba, kalata ya malo salemba dzina lake, ngakhale mwini asadziwe kuwerenga.

@ZaMawebu265
Pamenepo ndavomera.

@Bwanali_Depoti
Mayi, ngati mukudziwa imelo ya mnyamatayo, pali mphwanga wina amatha kulowa mu imelo ya munthu. Tsiku limodzi zatheka.

@WaKuLinga
Ayi achimwene, zimenezo musawaphunzitse mayiwa. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ngakhale chimene mukufunamo chikhale chanu. Komanso ambiri olonjeza zimenezi amangolandira ndalama pa Mpamba n'kuzimitsa foni. Mnyamatayo akapanda kupezeka, njira ndi yolembera registrar, n'kutumiza satifiketi ya bizinesi ndi malisiti. Zimayenda ngati polembetsa analemba dzina la malo anu ngati mwini. Ngati analemba lake, pamavuta.

@MphunzitsiChipoka
Funso langa ndi lapambali. Bwanji tonse timathamangira .com pamene tili ndi .mw yathu? Mayiwa akanakhala ndi .mw, bwenzi akulankhula ndi anthu a konkuno, m'Chichewa, osati kulemba makalata kunja.

@AgogoAKompyuta
Aphunzitsi mwafunsa bwino. Dziko lililonse lili ndi zilembo zake ziwiri: ife .mw, Zambia .zm, Mozambique .mz, Tanzania .tz, South Africa .za. Yathuyi kwa zaka zambiri akhala akuiyang'anira ndi a Malawi SDNP, ndipo pansi pake pali co.mw ya mabizinesi, ac.mw ya sukulu za ukachenjede, gov.mw ya boma, org.mw ya mabungwe. Mayina a mayiko amayendera malamulo a dziko lawolo, choncho masiku 45 ndi 30 amene a WaKuLinga atchula aja ndi a .com, musawatengere ku .mw. Ine ndimakonda .mw chifukwa munthu akaiona amadziwiratu kuti malowa ali ku Malawi. Koma tinene zoona, ngakhale .mw ikalembedwa m'dzina la munthu wina, mavuto ake ndi omwewa.

@Kampango77
Ine ndibwerezabe. Ndimagulitsa nsomba zouma, usipa ndi utaka, makasitomala anga a ku Lilongwe ndi ku Kasungu onse amandipeza pa WhatsApp ndi Facebook. Sindinalipirepo dola ngakhale imodzi. Domain ya chiyani?

@MphunzitsiChipoka
A Kampango, nsomba ndi malo ogona n'zosiyana. Mlendo wochokera ku Germany safunsa nambala ya WhatsApp kwa woyendetsa kabaza, amafufuza pa Google asanakwere ndege. Mabungwe obwera kudzachita misonkhano ku Salima amafuna mitengo ifike pa imelo ya dzina la malowo kuti aike mufayilo. Ndiponso tsamba la Facebook si lanu. Kwaya yathu inali ndi tsamba la anthu ambiri ndithu, amene analitsegula anataya foni pamodzi ndi simu yolembetsedwa m'dzina la malemu amalume ake. Nambala yotsimikizira inkapita ku simu imeneyo. Tsambalo lilipo mpaka lero, koma palibe angalembepo kanthu.

@Kampango77
Simu yanga ili m'dzina langa, ndinalembetsa ndi chiphaso changa. Za alendo a kunja ndiye ndamva, kumeneko sindifikako.

@Mwera_wa_Juni
A Kampango, poti mwatulukira, usipa wafika pati ndowa? Kuno ku Chia mwera wavuta sabata yonse, asodzi sakulowa m'madzi.

@Kampango77
Wakwera amwene, ukusowa. Ngakhale ku Nguwo kulibe. Ndiimbireni madzulo.

@Nachisale_Lifuwu
Mukamabwera ndi usipawo mudzatenge mpunga kuno, takolola. Koma abale tabwererani kwa mayi a ku Senga, nkhani yawo ili ndi masiku owerengeka.

@MlembiWaBua
Poti nkhani ya imelo yatseguka, ndikuuzeni zimene zinatichitikira ku gulu lathu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota, mwina wina apulumukirapo. Ine ndine mlembi. Tsiku lina m'mawa ndinalandira imelo yooneka ngati yachokera kwa amene amatisungira makalata, akuti bokosi lanu ladzaza, dinani apa pasanathe maola 24 apo ayi titseka. Ndinali pa changu, galimoto yonyamula matumba ikudikira panja. Ndinadina. Panatseguka tsamba lofanana ndendende ndi lomwe ndimalowera masiku onse, mtundu wake womwewo, kachizindikiro komweko. Ndinalemba mawu achinsinsi, tsamba linangozungulira n'kubwerera poyamba. Ndinaganiza kuti ndi netiweki, n'kuiwalako.

Anthu aja sanasinthe kalikonse. Anangokhala phee m'bokosi mwathu milungu itatu, akuwerenga. Tsiku limene tinatumiza invoisi kwa wogula wa ku Lilongwe, pasanathe ola iwo anatumiza ina kuchokera mu imelo yathu yomweyo, mawu ake aulemu ngati anga, akuti pepani akaunti yathu ya kubanki ili ndi vuto, lipirani ku iyi. Chinatipulumutsa n'chakuti mayi wowerengera ndalama kumeneko anadabwa kuona dzina la munthu m'malo mwa dzina la gulu, n'kuimbira tcheyamani. Atabwera wodziwa kudzaona, anapeza kuti anaika lamulo m'bokosimo loti kalata iliyonse yochokera kwa wogulayo izipita kufoda ina yobisika, ine ndisaione. Thukuta linandituluka ngakhale kunali kozizira. Ndalama zimenezo zinali za mabanja oposa 40.

Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti tsamba labodzalo linali ndi kaloko kaja pamwamba. Ine ndinaphunzitsidwa kuti kaloko ndiye kuti n'zotetezeka.

@WaKuLinga
A Mlembi, zikomo posabisa, ambiri zikawaonekera amachita manyazi. Chimene chinakugwerani amachitcha phishing. Za kalokoko tikonze pano. Kamatanthauza kuti tsambalo lili ndi satifiketi ya SSL, dzina lake latsopano TLS, ndipo adiresi imayamba ndi https. Ntchito yake ndi imodzi: zimene mukulemba zimayenda zobisika pakati pa foni yanu ndi seva, ngati kalata ya mu envulopu yomata, wa panjira sangawerenge. Koma envulopu yomata itha kupitanso kwa wakuba. Masatifiketiwa masiku ano ndi aulere kudzera ku Let's Encrypt, amakhala masiku 90 n'kumadzikonzanso okha, ndiye woona mtima ndi wakuba onse ali nawo. A Google anachita kuchotsa chithunzi cha loko mu Chrome, pulogalamu yawo yotsegulira mawebusayiti, mu 2023 chifukwa anthu ankachimva molakwika chonchi.

Choyenera kuyang'ana ndi domain yeniyeniyo. Werengani adiresi kuyambira pambuyo pa https:// kufika pa kamzere kopendama koyamba, ndiye muone mawu omalizira kumanja. Adiresi ikakhala banki.co.mw.tsimikizani.xyz, mwini wake ndi tsimikizani.xyz, zakumanzerezo ndi zokongoletsa zimene aliyense atha kulemba. Ndipo yatsani chitetezo cha magawo awiri, chija chimafuna nambala ya pafoni kuwonjezera pa mawu achinsinsi. Chimatchinga akuba ambiri, ngakhale nambalayonso musamailembe pa tsamba limene mwafikapo podina linki ya mu imelo.

@ZaMawebu265
Ndionjezere mbali inayo. Ngakhale loko si umboni wa chilungamo, webusayiti yanu isakhale yopanda. Kuyambira Julayi 2018 Chrome imalemba kuti "Not secure" pa tsamba lililonse la http wamba, mlendo akaona zimenezo amathawa. Ndipo wina akakulipiritsani ndalama zambiri za SSL pa webusayiti ya zithunzi ndi mitengo chabe, mufunseni chifukwa chake sakuikirani yaulere.

@HajiWaMpondagaga
Ndangochoka ku mzikiti, ndapeza nkhani yatalika. Langa ndi ili. Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira, imelo ya dzina la shopu ndili nayo, domain ndinalipira, zonse zili m'dzina langa. Koma ndikatumiza mitengo kwa anthu a Gmail, amati sinafike, kenako amakaipeza ku spam. Ndalakwa chiyani?

@AgogoAKompyuta
A Haji, imelo inapangidwa kalekale anthu akukhulupirirana, moti njira yotumizira, SMTP, payokha siifunsa ngati wotumiza ndi mwinidi wa dzinalo. Aliyense atha kulemba dzina la shopu yanu pamwamba pa kalata. Ndiye anawonjezera zinthu zitatu, zonse zimalembedwa mu DNS ya domain yanu. Taganizirani kalata yochokera kwa a mfumu. SPF ndi mndandanda wa amithenga amene mfumu inanena kuti awa okha ndiwo amanyamula makalata anga. DKIM ndi chidindo cha mfumu pakalatapo, wolandira atha kuona ngati ndi chenicheni ndiponso ngati wina wasintha mawu m'njira. DMARC ndi mawu a mfumu onena chochita ndi kalata yobwera ndi mthenga wachilendo yopanda chidindo: ilandiridwe, iikidwe pambali, kapena ikanidwe. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail imafuna aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza makalata 5,000 patsiku akhale ndi zonse zitatu. Ngati muli ndi cPanel, tsamba loyendetsera hosting yanu, muli malo olembedwa Email Deliverability, amakuonetsani chimene chikusowa. Zikakhala kuti zonse zili bwino koma vuto likupitirira, mwina ndi anzanu a pa seva. Hosting yotchipa ija amati shared ili ngati nyumba za mdadada, mpanda umodzi, geti limodzi. Mmodzi akamatumiza zinyalala, IP yonse imada mbiri. Pamenepo uzani a hosting, kapena makalata muwasamutsire kwa osunga imelo okhaokha, webusayiti n'kutsala pomwe ili. Mumasintha mzere wa MX uja, pamodzi ndi SPF ndi DKIM.

@HajiWaMpondagaga
Ndaona, pa DKIM pali chenjezo. Mwana wanga akonza usiku uno. Mulungu akudalitseni agogo.

@Nachisale_Lifuwu
Mayi a ku Senga mwangoti zii masiku awiri. Zili bwanji?

@MayiWaKuSenga
Pepani abale, ndinali pa msewu. Lachinayi ndinakwera minibasi pa Kamuzu Road kupita ku Khombedza kumene kuli mayi ake a mnyamata uja. Ndinawapeza akupuntha chimanga. Nditafotokoza, analowa m'nyumba n'kutulutsa kope la sukulu, kumapeto kwake analembako nambala yoyamba ndi +27. Tinaimba pa WhatsApp pomwepo pakhonde. Mwanayo atamva mawu anga anayamba kupepesa ndisanalankhule n'komwe. Akuti foni anamubera atangofika, imelo ija anachita kuivutikira kuti aibweze, ndipo khadi imene inkalipira yokha chaka ndi chaka inatha nthawi mu Epulo. Zikumbutso anaziona mochedwa, manyazi n'kumugwira. Ndinapita ndili ndi mawu ambiri mumtima, koma nditaona mayi ake akugwetsa misozi, ndinangoti mwanawe tithandize.

Usiku womwewo mwana wanga wa ku Lilongwe ananditsegulira akaunti ku kampani yomweyo, m'dzina la malo athu. Mnyamata uja analipira chaka chimodzi ndi ndalama imene tinamutumizira, kenako anasamutsira domain ku akaunti yathu. Hosting akuti inalipiridwa mpaka Okutobala, watipatsanso mawu achinsinsi ake. Dzulo m'mawa pa foni ya bambo zithunzi zinabwerera, pa yanga panali patsamba loyera lija mpaka masana. Funso: makalata amene anabwerera aja afika tsopano?

@WaKuLinga
Mwagwira ntchito mayi. Kusiyana kwa mafoni awiriwo kusakudetseni nkhawa, netiweki iliyonse imasunga yankho lakale la DNS kwa kanthawi, amati TTL, kenako imakafunsanso. Makalata amene anabwerera kwa eni ake ndiye apita, sabweranso okha. Aimbireni makasitomala anu okhazikika, muwauze kuti atumizenso.

Zitatu muchite sabata ino. Imelo ya akaunti ya ku registrar isakhale ya pa domain yomweyo, chifukwa domain ikadzafanso, kalata yokuthandizani kulowa idzafera limodzi. Apa ndiye Gmail ya a Kampango ija ikugwira ntchito. Sinthani mawu achinsinsi onse, a hosting ndi a imelo, muyatse chitetezo cha magawo awiri pa simu ya m'dzina lanu. Ndipo onani pamene palembedwa registrant, kutanthauza mwini wa domain, pakhale dzina la malo anu, osati la mnyamata kapena la mwana wanu. Mukasintha pamenepo atha kuitseka masiku 60 kuti isasamukire ku kampani ina, zimenezo n'zabwinobwino. Mukadzafuna kusamukira kwa a konkuno olandira makwacha, mudzapempha nambala yachinsinsi yotchedwa EPP code, musadzaipereke kwa wina aliyense kupatula kampani yatsopanoyo.

@ZaMawebu265
Musaiwale backup mayi. Mu cPanel mutha kukopera webusayiti yonse n'kuisunga pa flash. Okutobala sali patali.

@MayiWaKuSenga
Registrant tasintha, mawu achinsinsi tasintha, ndalemba 11 Juni ndi Okutobala m'buku la alendo patsamba loyamba. Bungwe la ku Lilongwe lija latumizanso imelo, yafika, abwera Lachiwiri. Za backup ndiye zandikanika, ndadina pamene mwanenapo koma chikungozungulira. Alipo wa pafupi amene angadzamuonetse mtsikana wathu wa pa resepishoni? Thiransipoti ndibweza.

@WaKuLinga
Loweruka ndikupita ku Lilongwe, nditsikira pa Kamuzu Road cha m'ma 9 koloko. Mugule flash ya 8 GB, ndipo laputopu ikhale yotchaja.